Mkamwana Amene Anaima Padzuwa

Ntchito yojambula zithunzi ndinaipeza ndikuthawa matabwa. Nditalemba mayeso a Fomu 4 kwathu ku Dowa, malume anga amene ankacheka matabwa ku Chikangawa anandiitana kuti ndikayese mwayi. Mwayi wakewo unali wosenza matabwa aawisi kuchoka pamacheka kukafika kumsewu kumene malole ankapakira. Ine thupi langa n'lochepa, ndipo kuzizira kwa kumeneko sikucheza ndi munthu. Phewa linasupuka, utomoni wa paini unkamata m'manja mwangamu, malume n'kumangoti ndizolowera. Sindinazolowere.

Mwezi ukatha kunkabwera bambo wina wochokera ku boma la Mzimba, a Ziba, kudzajambula anyamata ocheka matabwa. Anyamatawo ankabwerekana jekete limodzi lachikopa n'kumatsamira lole ya eni ake ngati yawo, kuti kwawo akaone kuti zikuyenda. Tsiku lina mphepo inawalanda a Ziba chikatoni chonyezimira chimene ankabwezera nacho kuwala kumaso kwa munthu. Ndinachithamangira, koma m'malo mochilandira anandiuza kuti ndichigwire pomwepo, ndichipendeketse pang'ono, nditsitse, basi ndisagwedezeke. Ndinaima choncho mpaka anthu onse anatha. Pomaliza anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti matabwa andipha, ndibwere ku boma Lolemba. Malume sindinawatsanzike bwinobwino, ndinangonyamula kachikwama kanga.

Situdiyo ya a Ziba inali kachipinda kamodzi chakumsika. Munali tebulo, kompyuta, makina otsukira zithunzi, benchi, ndi nsalu pakhoma ya anthu ofuna zithunzi za pasipoti. Amenewo ndiye ankachuluka, poti ku Mzimba mnyamata akangomera ndevu maso amakhala ali ku Joni. Koma mtima wa a Ziba sunali m'kachipindamo. Fulashi ankadana nayo, ankati ndi ya anthu aulesi, imangowalitsa munthu pamphumi ngati wadzola mafuta ophikira. Iwo ankakonda kujambula panja, ndipo nyengo yawo inali masika, mvula ikangokata. Nthawi imeneyo fumbi limakhala lisanayambe, moto wa m'tchire usanayambe, kumwamba kuli mbee. Udzu umakhala ukusanduka wachikasu, mapesi akuuma m'minda, ndipo dzuwa likapendeka limabwera chammbali, lofewa. Khungu lathu lakudali limatuluka mmene lilili, osachita mbuu, osazimirira. Anthunso amakhala atakolola, masaya atabwerera.

Kuphunzitsa kwawo kunali kokalipa. Dzuwa likakhala paliwombo usajambule, maso a munthu amasanduka maenje. Pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali usaike munthu, nkhope imachita mawangamawanga. Muike m'mphepete mwa mthunzi, nkhope iloze kowala, dzuwa likhale kumsana kwake kapena chammbali. Kuwala uyezere patsaya, osati pamalaya oyera a kutchalitchi, apo ayi malaya atuluka bwino mwini wake atada bii. Lenzi igwire diso limene lili pafupi ndi iwe. Batire lachiwiri lizikhala m'thumba la malaya, pafupi ndi thupi, chifukwa likazizidwa limatha msanga. Chikatoni chija chinali cha bokosi la firiji, mbali ina anamata mapepala onyezimira, mbali ina nsalu yoyera, ndipo ndinachisenza chaka chathunthu ndisanaloledwe kudina kamera pamaso pa kasitomala.

Chimene sankachikhululukira ndi chithunzi chopserera, chija dzuwa lamenya mbali ya nkhope mpaka payera, khungu osaonekanso. Ndikajambula chotero poyeserera ankachiika pamphuno panga n'kufunsa kuti, "Mchewa iwe, uyu ndi munthu kapena mzukwa?" Akatero ankaching'amba pakati n'kuponya m'katoni ya zinyalala. Ndinkawaopa, komanso ndinkafunitsitsa tsiku lina adzanene kuti ndachita bwino. Mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pawo.

M'masika achiwiri ndili kumeneko, mnyamata wina wa ku Joni, Yotamu Hara, anawaimbira foni a Ziba. Bambo ake kumudzi, kupitirira Manyamula, anali atadwalika, ndipo iye ankafuna chithunzi chachikulu cha m'felemu, cha banja lonse pakhomo. Thiransipota, mmodzi wa anthu aja amayenda ndi katundu pakati pa Mzimba ndi Joni, ankanyamuka kumapeto kwa sabata yomweyo, ndiye chinayenera kutsukidwa msanga. A Ziba anali atalonjeza kale kukajambula ukwati ku Embangweni. Anandiyang'ana kanthawi, n'kutulutsa kamera yawo yachiwiri m'kabati. Anangoti ndikabweretsa mizukwa ndidzalunjike ku matabwa.

Ndinakwera matola mpaka pa Manyamula, pamenepo n'kutenga kabaza. Wakabazayo anali wolongolola, ndipo pofika ndinali nditadziwa za pakhomopo kuposa zimene ndinkafuna. Anati Yotamu anachoka mwana wake womaliza ali kubere, pano mwanayo ali kusukulu, iye osabwerako. Nyumba ya malata anamanga, ndalama ankatumiza, koma foni ankaimbira ya mayi ake, ndipo aliyense wobwera kuchokera ku Joni ankanena za mkazi wina kumeneko. Mkazi wa kumudzi kuno, NyaLungu, ankangopirira. Ndinafunsa kuti bwanji osangobwerera kwawo, poti kwathu mkazi sangakhalire zimenezo. Wakabaza anaseka n'kuti kuno si kwa Achewa, ng'ombe za malowolo zinapita kale, akachoka ana atsala.

Ndinafika dzuwa lidakali pamwamba, ndiye ndinawauza kuti tidikire lipendeke. A Hara, bambo ake a Yotamu, anali pakhonde atafunda bulangete, akutsokomola mochokera pansi. Akazi awo, amama NyaTembo, anandilonjera ndi manja awiri, yewo, yewo, n'kundipatsa mpando pansi pa mtengo wa mango. Panalinso mchemwali wake wa Yotamu amene anabwera kudzadwazika, ndi ana atatu a Yotamu owala ndi mafuta, ovala za kutchalitchi, atawopsezedwa kuti asakhale pansi. Pambali pa bwalo panali nkhokwe yodzaza mpaka pakamwa, ndi maungu ataunjikidwa pansi pake.

NyaLungu ndi amene anandibweretsera chindongwa, thobwa la kumeneko, m'kapu yamalata. Anali atavala chitenje chatsopano, chouma gwa ndi kusachapidwa, ndi duku wofanana nacho. Anagwada, n'kudikira kuti ndimwe. Ndinayamikira nkhokwe ija, iye n'kunena motsitsa mawu kuti analima yekha ndi ana. Kenaka anacheuka kuona ngati wina akumva.

"Achimwene, mundijambule makora, bwinobwino, ndapota. Bambo a ana andione kuti ndilipo."

Ine ndi matama anga a kamera ya eni ake ndinayankha kuti asadandaule, adzatuluka mochititsa kaso mpaka bamboyo adzakwera basi tsiku lomwelo. Anamwetulira akuyang'ana pansi. Mawu amenewo amandiluma mpaka lero.

Dzuwa litapendeka ndinazungulira pakhomo kufunafuna malo. Mthunzi wa mango unali wa mawanga. Kuseri kwa nyumba kunali mthunzi wautali woti anthu n'kutambasuka bwinobwino, koma kumbuyo kwake kunali khola ndi bafa laudzu, ndipo ine ndinkafuna zooneka bwino. Ndinasankha pakona ya khonde, pamene khoma la njerwa linkaponya kamthunzi kakang'ono, kumbuyo kukuoneka munda wa mapesi wonse uli wachikasu. Anali malo abwino zedi, kungoti ankafuna anthu atathithikana. Amuna awiri oyandikana nawo nyumba ananyamula a Hara ndi mpando womwe n'kuwaika pamenepo. Amama anakhala pambali pawo, ana kutsogolo, mchemwali uja kumbuyo. Chikatoni ndinachitsamiritsa pa mtondo, chikubweza kuwala kumaso kwa mkuluyo. Ndinasuzumira m'kamera. Zinali ngati zimene a Ziba ankanena zija.

NyaLungu anali ataima chapatali, cha kunkhokwe, padzuwa. Ndinamukodola, anasendera pang'ono n'kuima. Ndinakweza mawu kuti abwere aime kumbuyo kwa agogowo, dzanja aike pampando. Mchemwali uja anabisa pakamwa ndi chitenje, a Hara n'kuyang'ana kumbali. Amama ndi amene anandiyankha, m'Chichewa chomveka bwino, mosakalipa.

"Mwana wanga, mkamwana sangaime pamenepo. Awa ndi apongozi ake."

Sindinganame kuti zinali zachilendo kwa ine. Kwathunso mkamwini akaona apongozi ake m'njira amapatukira kutchire. Ndinkadziwa, ndipo ndinkadziwanso chochita. Ndikanawasamutsira onse kumthunzi wautali uja, mkuluyo mbali ino, mkamwana mbali inayo, ana pakati, bafa laudzulo n'kulibisa ndi mitu ya anthu. Koma zimenezo zinkafuna kuitananso amuna aja, kumunyamulanso wodwala, kuyezanso kuwala. Kumadzulo kunkabwera mitambo, mphepo yozizira inali itayamba, ndipo munda wachikasu uja unali utandigwira mtima. Ndinangomuuza NyaLungu kuti asendere mpaka pamene angathe. Anasendera mpaka pamene ulemu unamulola, ndipo pamenepo panali kunja kwa mthunzi. Dzuwa linkamumenya tsaya lamanzere, iye akutsinzinira koma osasuntha, manja atawagwira kutsogolo. Ndinadina kangapo. Mumtima ndinkati ndikamaliza ichi ndimujambula payekha ndi ana ake pamalo abwino.

Sizinatheke. Ndisanasinthe n'komwe malo, a Hara anayamba kutsokomola kosalekeza mpaka kupendekera kumbali. Anthu anathamanga kuwanyamula, NyaLungu anathamangira kukhitchini kukatenga madzi ofunda, ana anabalalika. Mtambo unaphimba dzuwa, kuwala konse kuja n'kuzima. Wakabaza anayamba kuliza belu kuti matola omaliza atisiya. Ndikanatha kudikira. Ndikanatha ngakhale kugona komweko, sakanandikaniza mphasa. Koma ndinalongedza. Ndikukwera njinga NyaLungu anatulukira pakhomo la khitchini, ketulo ili m'manja, n'kufunsa ngati zatheka. Ndinati zatheka bwino kwambiri.

M'mawa mwake ndinaika khadi la m'kamera m'kompyuta a Ziba asanabwere ku Embangweni. Abale, chithunzi chija chinali chokongola. Makwinya a a Hara ankaoneka limodzilimodzi, m'maso mwa amama munali kakuwala, ana ali mwee, kumbuyo mapesi akuyaka. Koma cha kumphepete, patadutsa kampata, panali NyaLungu, theka la nkhope litayera mbee, diso limodzi litatsinzina. Ndinayang'ana zonse zimene ndinadina, zinali chimodzimodzi. Ndinayesa kudetsa mbali yopsererayo, inangosanduka phulusa, chifukwa pamene dzuwa lapsereza sipatsala kanthu koti ubweze. Kubwerera kumudzi kuja nthawi panalibe, thiransipota ankanyamuka mawa lake. Ndinkangoona a Ziba akuching'amba pakati, ine ndikukwera lole ya ku Chikangawa.

Ndiye ndinakoka mzere wodulira zithunzi, kuchoka kumphepete, kudutsa nkhokwe, kudutsa NyaLungu, mpaka pafupi ndi phewa la mwana wamkulu. Ndinadina. Chotsalacho chinakhala bwino ngati kuti munthuyo sanaimepo n'kale. Pempho lake lija ndinkalikumbukira, sindinganene kuti ndinaiwala. Ndinangodziuza kuti ndidzapitanso ndikadzapeza mpata.

A Ziba atafika anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Banjalo sankalidziwa nkhope, ndipo ndikhulupirira kuti mchemwali uja anamuyesa mkazi wa Yotamu. Sanafunse, inenso sindinanene. Anavula magalasi n'kuti, "Mbwenu wayamba kuona, Mchewa." Anatsuka zitatu. Chachikulu chinalowa m'felemu n'kupita ku Joni, china chinatumizidwa kumudzi, chachitatu anachimata pawindo la situdiyo kuti odutsa aziona. Tsiku limenelo anandigulira chipisi. Ndinadya, ndipo ndisabise, chinakoma.

Mpata wopitanso uja sunapezeke, kapena tinene kuti sindinaufune. Masika anatha, kunabwera chisanu cha Juni chija anthu amayenda atapinda manja m'khwapa. Tsiku lina chakum'mawa ndikupukuta lenzi, ndinaona mayi ataima panja pawindo, thumba la mbatata lili pamutu. Anaima nthawi yaitali osasuntha. Nditazindikira chitenje chija ndinadziwa kuti ndi NyaLungu. Ndinalakalaka kachipindako kakanakhala ndi khomo lakuseri.

Anatula thumba pakhomo, analowa, n'kukhala kumapeto kwa benchi. Anawalonjera a Ziba m'Chitumbuka, inenso anandilonjera, mwaulemu wonse. Kenaka anayamba kufotokoza, mosakweza mawu, akusakaniza zinenero ziwirizo kuti inenso ndimve. Anati chithunzi chitafika kumudzi amayi a m'mudzimo anasonkhana n'kumapatsirana, aliyense akufunafuna pamene iye ali. Wina anachitembenuza kuyang'ana kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo kuchitsime nkhani inali yoti apongozi ake anamuuza wojambula kuti amuchotse, kusonyeza kuti ukwati watha, akungodikira kuti azindikire yekha. Yotamu anaimba foni kwa mayi ake kuthokoza, anati bambo aoneka bwino, ana akula. Zoti mkazi wake mulibemo sanafunse. Thiransipota atabwerako anauza anthu kuti felemu ija ili pabalaza, pakhoma, m'nyumba imene Yotamu akukhala ndi mkazi wina uja.

"Ndikanakhalamo ine, mayi ameneyo sakanachipachika," anatero. Kenaka anandiyang'ana m'maso koyamba. "Sindinabwere kudzakangana, achimwene. Ndingofuna kudziwa. Anakuuzani kuti mundichotse ndi adada kapena amama?"

A Ziba anatembenuka pampando wawo kundiyang'ana. Ndinati palibe anandiuza. Ndinayamba kulongosola za mthunzi, za tsaya lopserera, za khungu losabwezeka, mawu onse aja ndinaphunzira, ndipo ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kupusa kwake. Iye ankangomvetsera.

"Dzuwa?" anafunsa.

Ndinati eya, dzuwa.

"Ndiye amama ndakhala ndikuwakwiyira pachabe."

Anati kuyambira tsiku lija sanadyenso nawo mbale imodzi. Amama akamulankhula ankangoyankha mawu amodzi, ndipo tsiku lina anawauza mawu olemera amene mkamwana sayenera kunena, iwo n'kulira, akulumbira kuti sakudziwa kanthu. Sanawakhulupirire. Pofotokoza zimenezi ndi pamene misozi inatsika, osati pa za ku Joni zija. Ndinkafuna atanditukwana, kapena kundiwomba mbama, bola ndikanapeza pogwira. Iye anangopukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

A Ziba anadzuka, anapita pawindo, anamatula chithunzi chija n'kuchiika chozondotsa patebulo. Anandiuza kuti nditsegule choyambirira, chosadula. Mwamwayi ndinali ndisanachifufute. Chinatuluka pakompyuta, ndipo NyaLungu anasendera pafupi. Anadziyang'ana nthawi yaitali, theka la nkhope loyeralo, kampata kaja pakati pa iye ndi ana ake. Ndinalankhula mofulumira kuti ndimujambula china pompano, kuseri kwa situdiyo kuli mthunzi wabwino, kapena ndipita kumudzi Loweruka, salipira kalikonse. A Ziba anavomereza ndi mutu, anatinso amujambula okha ndi kamera yaikulu.

NyaLungu anapukusa mutu. Anati adada tsopano satulukanso panja, sangawanyamulenso.

"Chatsopano ndikhalamo ndekha. Munthu yekha angajambulitse kulikonse. Tsukani chomwechi. Muli ana anga, muli nkhokwe yanga, ndipo ndaima pamene mkamwana amaima."

Tinatsuka ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono. Chaching'onocho anachikulunga m'pepala lapulasitiki n'kuchiika pachifuwa. Chachikulu anati akachipereka yekha kwa thiransipota. Anathokoza, yewo chomene, ngati kuti tamuchitira chifundo, ine ndinamusenzetsa thumba lake la mbatata, n'kupita kumsika.

Ndinkadikira kuti a Ziba andithamangitse, ndipo ndikanaona kuti n'zoyenera. Tsiku lonse anangojambula a mapasipoti. Potseka ndi pamene analankhula, osandiyang'ana.

"Ine ndinakuphunzitsa dzuwa, anthu sindinakuphunzitse. Mlandu tigawana. Koma gawo lalikulu ndi lako, poti iwe anachita kukupempha."

Sanandichotse ntchito. Ndinakhala nawo zaka zingapo, ndipo pano ndili ndi kamera yangayanga. Anthu ambiri masiku ano amadzijambula okha ndi mafoni, koma pakakhala chinkhoswe, kapena wa ku Joni akafuna cha m'felemu, amandiitanabe, makamaka m'masika. Ndikafika pakhomo kamera siyituluka msanga m'chikwama. Ndimayamba ndakhala pansi ndi mayi wamkulu wa pakhomopo n'kufunsa kuti uyu ndani, uyu ndani, ndani sangayandikane ndi ndani, safunsa anadya phula. Ndikadziwa zimenezo ndiye ndimakafuna mthunzi, ndipo ndimafuna wautali, woti apongozi akhale uko, mkamwana uko, ana pakati, onse kuwala kofanana. Kumbuyo kukhale khola, kukhale bafa, zilibe kanthu. Wodwala akafunika kunyamulidwa kawiri, anyamulidwe kawiri. Matola akandisiya ndimagona komweko. Ndipo zikavuta, wina n'kupserera tsaya, amatsala momwemo ndi tsaya lakelo. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ndimawauza kuti mzere wodulira uja ndi wochotsera mbuzi ndi ndowa, osati munthu.

A Hara anamwalira chisanu chomwecho chisanathe. Yotamu anatumiza bokosi, iye sanabwere. Ngati chithunzi chachiwiri chija chinafika ku Joni, ndipo ngati anachitsegula, sindikudziwa. Sindinganenenso kuti chithunzi ndicho chinathetsa banja lija, linali litagwedezeka kale ndisanafike. Koma mayi uja anandipempha kanthu kamodzi kokha, kochepa, kamene kanali m'manja mwanga, ndipo ine ndinasankha munda wa mapesi ndi mawu a bwana.

Patapita nthawi ndinakumana ndi wakabaza uja pa Manyamula, ndipo monga mwa khalidwe lake sanadikire kuti ndimufunse. Anati NyaLungu anagwirizananso ndi amama, anawasamala mpaka maliro onse anatha, koma mvula yotsatira isanagwe anabwerera kwawo cha ku Embangweni. Kachithunzi kake kopserera anapita nako. Ana anatsala kwa agogo awo. Ndinafunsa za china chija, choyamba, chimene tinatumiza kumudzi. Anati chilipo, amama anachigulira felemu, chili pabalaza, ndipo mlendo aliyense amachiyamikira.

Ana atatu aja akukulira pansi pa chithunzi chabwino koposa chimene ndinajambulapo, ndipo mayi awo mulibemo.